Njira Yodzera M'mafupa

Sabata ino tilingalire za mbiri ya momwe madokotala amaperekera mankhwala kwa munthu amene mtima wake waima, kapena amene magazi ake aleka kuyenda mokwanira chifukwa chotaya magazi kapena madzi ambiri. Pa nthawi yotereyi mankhwala akumwa sathandiza. Mankhwala monga adrenaline ayenera kulowa m'magazi msanga, koma mitsempha ya wodwalayo imakhala itaphwa, kotero kuti singano siipeza.

Mu 1832, mliri wa kolera utabuka ku Scotland, dokotala Thomas Latta wa ku Leith anathira madzi amchere m'mitsempha ya odwala amene anali pafupi kutsirizika, ndipo ena anatsitsimuka. Apa ndi pamene panayambira diripi. Komabe funso linatsala: nanga mtsempha ukapanda kupezeka?

Mu 1922, Cecil Drinker wa ku Harvard anaonetsa kuti mafuta a m'mafupa ali ndi timitsempha tolumikizana ndi magazi a thupi lonse, ndipo sitiphwa popeza fupa ndi lolimba. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse asilikali ovulala ankalandira madzi ndi magazi kudzera m'fupa la pachifuwa. Nkhondo itatha, timachubu tapulasitiki tolowetsa m'mitsempha tinafala, ndipo njira ya m'fupa inaiwalika.

Mu 1984, dokotala wa ana James Orlowski, ataona njirayi ikupulumutsa odwala kolera ku India, analimbikitsa anzake kuti ayitsitsimutse. Bungwe la American Heart Association linaivomereza pa ana mu 1986, ndi pa akuluakulu mu 2005. Lero, mtima ukaima, madokotala amayamba ndi mtsempha, ndipo ukakanika amabaya singano m'fupa la msongolo kapena la paphewa. Kubaya mtima weniweniwo, kumene kunali kofala kale, kunasiyidwa chifukwa kumavulaza.

Ife amene tinaona kolera ikupha anthu oposa 1,700 m'dziko lathu mu 2022 ndi 2023 tikudziwa kuti pa matenda otere mphindi iliyonse ndi yamtengo wapatali. Tisachedwetse wodwala pakhomo poganiza kuti zatha. Mneneri Ezekiele anaona mafupa ouma akulandira moyo, ndipo Mulungu yemweyo anabisa njira ya moyo m'mafupa athu. Tiyeni tipempherere madokotala ndi anamwino athu, ndipo ena mwa ife timve kuitana kokagwira ntchito yopatulikayi.