Mayina a mibadwo: kodi Gen Z ndi ndani, nanga adaleredwa ndi yani?

Dzina lakuti Gen Z lidamveka kwambiri mu June 2024 pomwe achinyamata a ku Kenya adachita zionetsero zokana bilu ya misonkho, mpaka Pulezidenti William Ruto adakana kuisayinira. Koma dzinali, pamodzi ndi ena onga Millennials ndi Baby Boomers, lidachokera ku America, komwe ochita kafukufuku amagawa anthu m'mibadwo potengera chaka chobadwa.

Malinga ndi bungwe la Pew Research Center, anthu obadwa kuyambira 1928 mpaka 1945 ndi a Silent Generation. Otsatira awo ndi Baby Boomers, a 1946 mpaka 1964, omwe adatchedwa choncho chifukwa ana adabadwa ochuluka zedi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Ku America kokha adabadwa pafupifupi 76 miliyoni. Generation X ndi ya 1965 mpaka 1980, ndipo dzinali lidafala ndi buku la Douglas Coupland la mu 1991. Millennials ndi a 1981 mpaka 1996, pomwe Gen Z ndi obadwa kuyambira 1997 mpaka cha m'ma 2012. Ana obadwa pambuyo pake amatchedwa Generation Alpha, dzina lomwe adayambitsa Mark McCrindle wa ku Australia, ngakhale iye amayambira kuwerenga mu 2010.

Palibe lamulo lomwe lidakhazikitsa malirewa. Mwa mibadwo yonseyi, nthambi ya kalembera wa anthu ku America imavomereza zaka za Baby Boomers okha, popeza kuchuluka kwa ana obadwa nthawiyo kumaoneka m'kaundula. Zaka zinazo adachita kusankha ndi akatswiri, n'chifukwa chake mabuku amasiyana.

Pa funso la yemwe adalera mnzake, ambiri amaganiza kuti m'badwo uliwonse umabereka wotsatana nawo. Kawirikawiri sizikhala choncho. Mibadwo yambiri imatenga zaka 16 mpaka 19 zokha, pomwe makolo ambiri kumeneko amabereka ali ndi zaka za m'ma 20 ndi 30, choncho kulera kumadumpha m'badwo umodzi. A Silent Generation adalera ambiri a Generation X, Baby Boomers adalera Millennials, a Generation X adalera Gen Z, ndipo Generation Alpha ndi ana a Millennials. Komabe pali kulowana: mayi wobadwa mu 1947 yemwe adabereka mu 1970 ndi wa Baby Boomers, mwana wake n'kukhala wa Generation X. M'chaka cha 1970 amayi a ku America ankabereka mwana woyamba ali ndi zaka pafupifupi 21, pomwe m'zaka za m'ma 2020 msinkhuwu udafika pa 27.

Apa ndi pomwe olemba malipoti ndi ndondomeko za achinyamata ayenera kusamala. Ku Malawi amayi ambiri amayamba kubereka ali ndi zaka pafupifupi 19, ndiye mayi wobadwa mu 1982 atha kukhala ndi mwana wa mu 2001, Millennial kulera wa Gen Z. Ndiponso agogo amalera adzukulu m'mabanja ambiri, zomwe magawidwe a ku America sawerengera. Mayiko ena ali ndi mayina awoawo: ku Zimbabwe obadwa ufulu wa 1980 utabwera amatchedwa born-free, monganso ku South Africa kuyambira 1994.

Mu 2023 bungwe la Pew lidalengeza kuti lichepetsa kugwiritsa ntchito mayinawa, ponena kuti kusiyana kwina komwe kumaoneka ngati kwa mibadwo kumadza chifukwa cha msinkhu chabe.