Mbiri ya Luso Loyeza ndi Kulemba za Nyumba Zakale

Ntchito yosunga maonekedwe a nyumba zakale poziyeza ndi makina ndi yakale kuposa kompyuta, ndipo chiyambi chake chimapezeka ku Germany m'zaka za m'ma 1800. M'chaka cha 1858 mmisiri wa zomangamanga, Albrecht Meydenbauer, anapulumuka lokumbakumba pamene anatsala pang'ono kugwa akuyeza ndi manja tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Wetzlar, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kufufuza njira yotengera miyeso ya nyumba pa chithunzi, munthu ataima pansi. Luso limeneli limatchedwa photogrammetry, kutanthauza kuyeza chinthu pogwiritsa ntchito zithunzi zake, ndipo limatheka pokhapokha ngati zadziwika kamera imene inajambula, malo amene inaima ndi mbali imene inaloza. Mu 1885 boma la Prussia linatsegula ofesi ya ntchitoyi ku Berlin, ndipo pofika cha m'ma 1920 ofesiyo inali itasonkhanitsa zithunzi za pagalasi pafupifupi 20,000. Choncho kuyambira pachiyambi penipeni chithunzi sichinkayenda chokha, chinkayenda ndi kaundula wake, ndipo phindu lake linkadalira kaundulayo.

Kaundula wotereyu ndi amene akatswiri a masiku ano amamutcha metadata, ndiye kuti mfundo zolembedwa zofotokoza chithunzi, fayilo kapena chinthu chosungidwa: dzina lake, kumene chili, amene anachijambula, tsiku, makina amene anagwiritsa ntchito, ndiponso amene ali ndi ufulu wochiona kapena kuchigawa. Pangano la ku Venice la mu 1964, limene linaika malamulo a kakonzedwe ka nyumba zakale, linanena kale kuti ntchito iliyonse yokonza kapena yofukula iyenera kulembedwa mwatsatanetsatane ndi kusungidwa kumalo kumene ofufuza angaipeze. Intaneti itafala, msonkhano umene unachitikira ku Dublin, m'chigawo cha Ohio ku America, mu 1995, unayala maziko a mndandanda wotchedwa Dublin Core, umene pambuyo pake unakhazikika pa mitu 15 yofotokozera chinthu chilichonse chosungidwa pa kompyuta.

Kufunika kwa zolemba zimenezi kunaonekera poyera m'mwezi wa Marichi 2001, pamene gulu la Taliban linaphulitsa ziboliboli ziwiri za Buddha zosemedwa m'phiri ku Bamiyan, ku Afghanistan. Akatswiri a sukulu ya ETH ku Zurich, motsogozedwa ndi Armin Grün, anayesa kubwezeretsa pa kompyuta maonekedwe a chiboliboli chachikulu, chotalika kuposa mamita 50. Anali ndi zithunzi za alendo zopezeka pa intaneti, koma zimene zinawapatsa miyeso yodalirika kwambiri, mpaka makwinya a mwinjiro wa chibolibolicho, zinali zithunzi zitatu zokha zimene Robert Kostka wa ku Graz anajambula mu 1970 ndi kamera yoyezera, zimene mbiri ya kajambulidwe kake inali yodziwika. Kuwonongedwa kwa ziboliboli zomwezo kunalimbikitsanso Ben Kacyra, injiniya wobadwira ku Mosul ku Iraq, kuyambitsa bungwe la CyArk mu 2003. Iye anali atathandiza kupanga makina onyamulika a laser, amene amaponya kuwala pakhoma ndi kuwerengera mtunda wa malo alionse amene kuwalako kwagunda, kufikira madontho mamiliyoni atasonkhana n'kupanga chifanizo cha nyumba chimene munthu angachizungulire ndi kuchiyeza pa kompyuta.

Mu Africa ntchitoyi inazika mizu kudzera mu Zamani Project ya pa Yunivesite ya Cape Town, imene Heinz Rüther anaiyambitsa mu 2004 ndipo yayeza malo monga mabwinja a Kilwa Kisiwani ku Tanzania, matchalitchi osemedwa m'thanthwe a ku Lalibela ndi malinga amiyala a Great Zimbabwe. Koma nkhani imene imaonetsa bwino mphamvu ndi malire a lusoli ndi ya manda a mafumu a Buganda ku Kasubi, mumzinda wa Kampala. Nyumba yaikulu ya pamalopo, Muzibu Azaala Mpanga, inamangidwa mu 1882 monga nyumba yachifumu ya Kabaka Muteesa I, inasanduka manda ake mu 1884, ndipo pambuyo pake munaikidwanso mafumu ena atatu. Inali nyumba yozungulira ya mitengo, bango ndi udzu, yotambalala pafupifupi mamita 31. Inayezedwa ndi makina a laser mu 2009 mu dzina la CyArk, ndipo pa 16 Marichi 2010 inapsa ndi moto.

Miyeso inapulumuka, ndipo chimenecho sichinali chinthu chochepa. Komabe makinawo anaona zimene kuwala kungagunde basi. Anatha kuona mikombero yochirikiza denga, koma sakanatha kudziwa kuti mikombero 52 imeneyo imaimira mafuko 52 a Baganda, kapena kuti kufolera dengalo ndi udindo wa fuko la Ngeye lokha, limene limaphunzitsana lusolo m'banja, kapenanso kuti kuseri kwa chotchinga cha chiwondo kuli malo opatulika otchedwa Kibira, kumene salowako munthu wamba. Zimenezi zimakhala m'mitu ya akuluakulu ndi m'manja mwa amisiri, ndipo zimafika mu fayilo pokhapokha wina atakhala pansi ndi eni malowo, kufunsa ndi kulemba. Kumanganso nyumbayo kunatenga zaka zoposa khumi ndipo kunadalira amisiri a mwambo, kufikira pamene UNESCO inachotsa malowo pa mndandanda wa malo amene ali pangozi mu 2023.

Palinso vuto lina limene silioneka msanga, lakuti chifanizo cha pa kompyuta chimaoneka chathunthu ngakhale pamene woyezayo anangodzaza mipata mongoganizira. Pofuna kuthana ndi zimenezi, akatswiri amene anayamba kulemba Pangano la ku London mu 2006 anatsindika za paradata, mawu otanthauza mbiri ya zosankha za wopanga chifanizocho: chimene anayeza, chimene anatenga m'mabuku, ndi chimene anangolingalira. Kuwonjezera apo, mafayilo amakalamba msanga kuposa galasi la Meydenbauer. Ntchito ya BBC yotchedwa Domesday, imene inasunga zithunzi ndi nkhani za moyo wa ku Britain pa zimbale za laser mu 1986, inafika povuta kuiwerenga patangopita zaka pafupifupi 15 chifukwa makina ake anali atasowa.

Funso lomaliza kulowa m'kaundula, ndipo mwina lovuta koposa, ndi lakuti ndani ali woyenera kuona ndi kudziwa. Limakhudzanso Malawi, chifukwa zithunzi za pamiyala za ku Chongoni, m'dera la Dedza, zimene zili pamalo 127 ndipo zinalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006, zambiri mwa izo zimagwirizana ndi nyau ndi chinamwali, miyambo imene tanthauzo lake siliululidwa kwa osalowa. Wolemba kaundula wa malo otere ayenera kulemba kukula ndi mtundu wa chojambulacho, koma ayeneranso kusiya malo olembapo dzina la mfumu kapena namkungwi amene anafunsidwa, zimene analola kuti zifalitsidwe, ndi zimene ananena kuti zitsale kudambwe ndi kutsimba.