Mafupa a munthu ndi ntchito yake pa masewera

Matimu a Nkana ndi Power Dynamos akakumana mumzinda wa Kitwe, kapena ZESCO United ikamasewera pa bwalo la Levy Mwanawasa ku Ndola, oonerera amakamba za liwiro, mphamvu ndi luso la osewera. Za mafupa amazikamba pokhapokha wina akanyamulidwa pa machira. Komatu fupa ndi chinthu chamoyo: limakula, limadya, limadzikonza likathyoka, ndipo limasintha molingana ndi ntchito imene mwini wake amalipatsa.

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Khanda limabadwa ndi mafupa oposa 270, koma ambiri amalumikizana mwana akamakula. Oposa theka la mafupa a munthu wamkulu ali m'manja ndi m'mapazi, pakuti dzanja lililonse lili ndi 27 ndipo phazi lililonse lili ndi 26. Lalitali ndi lolimba koposa ndi fupa la ntchafu.

Chigaza chimateteza ubongo, nthiti zimateteza mtima ndi mapapo. Mkati mwa mafupa ena, monga a m'chiuno ndi a pachifuwa, ndi mmene mumapangidwa magazi amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. Choncho wosewera amene amathamanga mphindi 90 osafooka amadaliranso mafupa ake pa nkhani ya mpweya.

Fupa silitha kudzisuntha lokha. Minofu imamangirira ku mafupa ndi mitsempha yolimba, ndipo mnofu ukakokeka umakoka fupa, fupalo n'kupindika pamfundo. Pomenya mpira, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imakoka fupa la msongolo kudzera pa bondo, mwendo n'kuongoka mwamphamvu. Munthu akamathamanga, phazi limagunda pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kawiri kapena katatu, ndipo podumpha mphamvuyo imachuluka. Samuel Matete, wobadwira ku Chingola, anapambana mpikisano wa dziko lonse wa mamita 400 wodumpha zotchinga ku Tokyo mu 1991. Pa mpikisano wotere zotchinga zimakhala khumi, ndipo pa chilichonse wothamanga amatera ndi mwendo umodzi ali pa liwiro lonse.

Katundu wotereyu, akamaperekedwa pang'onopang'ono, ndi amene amalimbitsa fupa. Dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, anafotokoza mu 1892 kuti fupa limadzimanga molingana ndi kulemera kumene limasenza. M'fupa muli tizigawo tina timene timagumula fupa lakale ndi tina timene timamanga latsopano, moti pa zaka pafupifupi khumi mafupa a munthu wamkulu amakhala atasinthidwa onse. Kwa osewera tenisi, mkono womenyera mpira umakhala ndi fupa lochindikala kuposa winawo. Anthu amene amakhala miyezi m'mlengalenga, kumene thupi silemera, mafupa awo amaphwa mwezi ndi mwezi. Mpira wa miyendo, wa manja, kuthamanga ndi kulumpha chingwe zimalimbitsa mafupa kuposa kusambira ndi kupalasa njinga, ngakhale ziwirizi ndi zabwino ku mtima.

Nthawi yomanga mafupa ndi yochepa. Gawo lalikulu limamangidwa munthu asanafike zaka 20, ndipo pofika zaka 30 mafupa amakhala atafika pachimake. Kuchokera pamenepo ntchito imangokhala yosunga zimene zilipo. Ana amene amasewera mpira wa mapulasitiki pa fumbi ku Wusakile, Chamboli kapena Chifubu ali pa ntchito yomanga mafupa amene adzayendere ali okalamba. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi chakudya. Fupa limafuna mchere wa kashiamu, umene umapezeka mu mkaka, nyemba, ndiwo zamasamba, ndiponso mu kapenta, chifukwa kapenta amadyedwa ndi minga yake yomwe. Vitamini D, amene amathandiza thupi kuyamwa kashiamu, khungu limampanga lokha likaombedwa ndi dzuwa.

Katundu akachuluka mwadzidzidzi fupa limagonja. Pa mpira wa miyendo, msongolo ndiwo uli poyera, popeza kutsogolo kwake kulibe mnofu woutchinga, ndipo kuyambira mu 1990 malamulo a masewerawa amakakamiza wosewera kuvala zotetezera msongolo. Omenya nkhonya amathyoka kawirikawiri mafupa a m'chikhatho. Palinso kuthyoka kobisika: wothamanga akaonjezera mtunda mofulumira osapuma, fupa la phazi kapena la msongolo limachita kamng'alu kamene kamayamba ngati ululu wamba. Mafupa ambiri amapola pakati pa masabata 6 ndi 12, koma msongolo ungathe kutenga miyezi itatu kapena kuposerapo.

Mafupa a ana amafuna chisamaliro chapadera. Kumapeto kwa fupa lililonse lalitali la mwana kuli kagawo kofewa kamene fupalo limatalikirapo. Kagawoka n'kosalimba poyerekeza ndi mitsempha yozungulira, kotero ngozi imene ingangobinyitsa munthu wamkulu ingathyole mwana pamalo amenewa. Pakapanda kuongoledwa bwino, mwendo ungakule mokhota kapena kufupika. Mwana amene watupa pamfundo ndipo akulephera kuponda asatikitidwe kunyumba, koma ajambulidwe X-ray. Ku Copperbelt zipatala zazikulu ndi Kitwe Teaching Hospital, Ndola Teaching Hospital ndi chipatala cha ana cha Arthur Davison ku Ndola.

Kagawo kofewa komweka kanasanduka mboni pa milandu ya zaka za osewera. Munthu akasiya kukula, kagawoka kamauma n'kukhala fupa lenileni. Mu 2009, pa mpikisano wa dziko lonse wa anyamata osapitirira zaka 17 umene unachitikira ku Nigeria, bungwe la FIFA linayamba kujambula mfundo ya dzanja la osewera ndi makina a MRI. Wosewera amene kagawo kake katsekeka kotheratu amaonedwa kuti wapitirira msinkhu. Mu 2016 timu ya Zambia inachotsedwa pa mpikisano wa COSAFA wa anyamata a msinkhu umenewu ku Mauritius, osewera awiri atalephera mayeso amenewa.

Njirayi yachepetsa chinyengo, koma akatswiri ena a zaumoyo amaitsutsa. Iwo amanena kuti ana sakula mofanana: mtundu wa kubanja, zakudya ndi matenda zimafulumizitsa kapena kuchedwetsa kutsekeka kwa fupa. Mnyamata wa zaka 16 amene wakhwima msanga angathe kuletsedwa kusewera alibe mlandu, pamene wa zaka 19 amene wachedwa kukhwima angathe kudutsa mayesowo.