Mawati a wakabaza ndani anawayezapo?

M'chaka cha 2022 kampani ya ku America yotchedwa TrainerRoad idauza makasitomala ake kuti sakufunikanso kudzizunza ndi mayeso kuti adziwe mphamvu zawo pa njinga. Kompyuta idzingoyang'ana maulendo amene munthu wapalasa m'masabata apitawo, nkumuuza nambala yake ya FTP. Mawotchi a Garmin nawo amapereka nambala yotereyi, ndipo mapulogalamu ena monga Intervals.icu amachita zomwezo. Kwa ife akuno nkhaniyi ikumveka ngati ya anthu okhuta, opalasa njinga m'chipinda chochezera njingayo osasuntha. Koma ine ndikuti ndi nkhani yathu, chifukwa kuyeza mphamvu za thupi la munthu kuli ndi mbiri yaitali, ndipo mbiriyo idadutsa pa Liwonde ndi pa Balaka kalekale kompyuta isanabwere.

FTP ndi mphamvu yaikulu imene wopalasa angathe kuigwiritsa kwa nthawi pafupifupi ola limodzi popanda kufooka msanga. Imayezedwa m'mawati, omwe aja timawerenga pa babu la magetsi. Dzina la wati lidachokera kwa James Watt, amene m'zaka za m'ma 1780 ankafuna kugulitsa injini zake kwa anthu ozolowera mahatchi, ndiye adawerengera ntchito ya hatchi imodzi kuti ogula aone kuti injini ilowa m'malo mwa mahatchi angati. Hatchi ya Watt ndi mawati pafupifupi 746. Choncho muyeso umenewu kuyambira pachiyambi udabadwa pofuna kuyerekeza minofu ndi makina pamsika.

Pa njinga nkhani idachedwa. M'chaka cha 1965 ofufuza a ku France, Monod ndi Scherrer, adaonetsa kuti pali malire ena a mphamvu: munthu akagwira ntchito pansi pa malirewo amapirira nthawi yaitali, akadutsa amatha msanga. Mu 1986 Ulrich Schoberer wa ku Germany adayambitsa SRM, kachipangizo koyeza mphamvu imene phazi likukankha pamapedalo. Kenaka Andrew Coggan adapatsa malire aja dzina loti FTP, ndipo buku limene adalemba ndi Hunter Allen mu 2006, Training and Racing with a Power Meter, lidafalitsa dzinali kulikonse. Vuto linali loti kupalasa ola lathunthu ndi mphamvu zako zonse ndi chilango chenicheni. Ndiye anthu adapeza njira yachidule: palasa mphindi 20, tenga 95 peresenti ya zimene wapeza. Wopeza mawati 250 amalembedwa 238. Mphindi 20 nazo zidawawabe, mpaka kudabwera mayeso ena amene kulemera kwa mapedalo kumakwera mphindi iliyonse kufikira munthu atalephera, ndipo amatenga 75 peresenti ya mphindi yake yamphamvu kwambiri. Lero ndiye palibenso mayeso, kompyuta ikungoganizira.

Taonani mmene zayendera. Sitepe iliyonse ikuchotsa thukuta nkuikapo masamu, ndipo masamuwo amachokera pa mmene anthu ambiri amene adayezedwa kale amachitira. Amene thupi lake limasiyana ndi gulu lija amapatsidwa nambala yokwera kapena yotsika, iye nkumakhulupirira chifukwa yatuluka pa sikirini. Opalasa njinga zampikisano amakangana za zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo mkangano wawo ndiwasiyira eni ake. Funso langa ndi lina: m'mbiri yathu, akamayeza mphamvu za munthu, nambalayo imakhala m'manja mwa yani?

Tibwerere ku mtsinje wa Shire. Kampani ya African Lakes, imene agogo athu ankaitcha Mandala, idayamba mu 1878. Sitima zapamadzi zinkalephera kudutsa mathithi a pakati pa Shire, motero katundu ankatsitsidwa kumunsi, nkusenzedwa pamutu kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope, komwe sitima zina zinkamutenga kudutsa pa Liwonde kupita kunyanja. Osenzawo ndiwo amtengatenga. Mtolo wa munthu mmodzi unkakhala wa mapaundi 50 mpaka 60, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 23 mpaka 27. Nambala imeneyi siidatuluke m'labotale. Idachokera pa zimene amalonda adaona kuti munthu angasenze tsiku ndi tsiku asanagwe kapena kuthawa. Kunena mwachilungamo, imeneyo inali FTP ya nthawi ya atsamunda: malire a mphamvu imene thupi lingapirire nthawi yaitali. Kusiyana kwake nkoti sikelo inali ya kampani, ndipo wosenza sankafunsidwa ngati wadya, ngati ali ndi malungo, kapena ngati njira ya lero ndi yachitunda.

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene anthu akuno adaitcha ya Chiwaya, wolemba mbiri Melvin Page akusonyeza kuti amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali. Akuluakulu a nkhondo ankawerengera ndithu: mitolo yakuti, amuna akuti, masiku akuti. Ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda, chifukwa masamu aja ankatenga munthu aliyense ngati wofanana ndi mnzake, komanso wofanana ndi mmene analili dzulo. Njanji itafika pa Balaka kupita ku Salima mu 1935, kenaka ina yochoka pa Nkaya kudutsa Liwonde mpaka ku Nayuchi mu 1970, ntchito yosenza mitunda italiitali idachepa. Koma katundu wotsika pa siteshoni ankafunikabe womufikitsa kumudzi, ndipo pang'onopang'ono mutu udapatsira keliyala.

Anzanga ophunzira za kayendetsedwe ka ntchito amamudziwa Frederick Taylor, amene mu 1899 ku Bethlehem Steel adayeza wantchito wina ndi wotchi nkumukweza kuchoka pa matani 12.5 a chitsulo patsiku kufika 47. Ntchito idakwera pafupifupi kanayi, malipiro adangokwera ndi 60 peresenti. Sindikhalitsa pamenepo, chifukwa chitsanzo chotikhudza kwambiri chili ku Joni.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri atapita kudzera ku Wenela. Pansi pa mgodi wa golide kumatentha koopsa, ndipo anthu ankafa ndi kutenthako. Bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, lidali ndi labotale yake yofufuza za thupi la munthu, motsogozedwa ndi C. H. Wyndham. M'zaka za m'ma 1960 adakhazikitsa njira yozoloweretsa obwera kumene: ankawaika m'chipinda chotentha ndi chachinyezi, ali pafupifupi maliseche, nkumakwera ndi kutsika pa sitepe maola anayi patsiku kwa masiku angapo, kwinaku akuwayeza kutentha kwa thupi. Ankagwiritsanso ntchito kugunda kwa mtima pa sitepe pofuna kuganizira mphamvu zonse za munthu ndi kusankha woyenera ntchito yolemetsa. Nzeru yoganizira malire a munthu popanda kumufikitsa pamalirepo idali itadziwika kale kuchokera kwa Åstrand ndi Ryhming a ku Sweden mu 1954. Ndi nzeru yomweyi imene mawotchi a lero akugulitsa ngati yatsopano.

Sindikunena kuti asayansi aja anali afiti. Njira zawo zidachepetsadi imfa zobwera ndi kutentha. Koma zidathandizanso kuti migodi ipitirire kuzama, ndipo amuna ambiri amene adadutsa m'zipinda zija adakumbukira mayesowo ngati chinthu chochotsa ulemu, monga Dunbar Moodie adalembera m'buku lake la 1994, Going for Gold. Zotsatira zinkapita mufayilo ya kampani. Mwini thupi ankabwerera kwawo ndi bulangete, wayilesi, ndipo mwamwayi njinga ya Humber kapena Raleigh. Pali kanthu kena kowawa pamenepo: mphamvu zoyezedwa pa sitepe ya ku Joni ndizo zidagula zina mwa njinga zimene zidazoloweretsa midzi yathu kupalasa.

Wina anganene kuti ndikusakaniza zinthu zosiyana. Wopalasa wa pa Zwift amalipira yekha, amafuna yekha nambalayo, ndipo palibe kapitawo womuimirira. Nzoona, ndipo kusiyanaku si kwakung'ono. Koma nambala ija yayamba kale kukhala chipata. M'chaka cha 2016, mpikisano wa Zwift Academy udayamba kupereka kontirakiti ya timu yaukatswiri kwa opambana, ndipo Jay Vine wa ku Australia adalowera pomwepo mu 2020. Kusefa koyamba kumachitika ndi mawati. Kuti ulowe nawo umafunika makina oyezera, intaneti yodalirika ndi magetsi osathimathima. Biniam Girmay wa ku Eritrea, amene adapambana Gent-Wevelgem mu 2022 ndi malaya obiriwira a Tour de France mu 2024, adachokera m'dziko limene mipikisano ya pamsewu ndi mwambo wakale. Dziko lopanda mipikisano yambiri komanso lopanda makina oyezera latsekeredwa zitseko zonse ziwiri.

Tsono pitani pa Balaka, boma limene lidapatuka ku Machinga mu 1998, kapena pa Liwonde pafupi ndi mlatho. Anyamata a kabaza amanyamula anthu, matumba a chimanga ndi makireti a zakumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ngakhale njinga zamoto zawalanda makasitomala ambiri. Ogulitsa makala amakwera zitunda za msewu wopita ku Zomba ndi matumba osanjikiza kuposa mutu wawo. Njinga ya Buffalo imagulitsidwa ndi lonjezo loti keliyala yake imapirira makilogalamu 100, kutanthauza kuti mphamvu ya chitsulo idayezedwa bwino lomwe. Ya miyendo ndiyo siinalembedwe paliponse.

Masamu ake si ovuta, aliyense amene adaphunzira Physical Science atha kuwerengera. Titenge wopalasa wa makilogalamu 60, njinga ya makilogalamu 20, ndi wokwera wa makilogalamu 70. Zonse pamodzi 150. Akukwera chitunda chimene chimakwera mamita 5 pa mamita 100 alionse, pa liwiro la makilomita 8 pa ola. Kungokweza kulemerako kumafuna mawati pafupifupi 165, ndipo tikaonjezera kukhuzana kwa matayala ndi msewu tifika pafupi ndi 200. Ambiri opalasa mongosangalala ku Ulaya, FTP yawo ili m'dera lomwelo, iwo atadya bwino, atamwa madzi osakaniza mchere, ndipo akamaliza akagona. Wakabaza akatsitsa kasitomala amatembenuka kukadikira wina, mwina atangomwa tiyi ndi mandazi awiri.

Ndimafuna kuti mphamvuzi zidziwike, chifukwa pakati pa anyamatawa pakhoza kukhala akatswiri amene palibe adzawaone, komanso chifukwa mtengo wa ulendo umakambidwa ngati kuti chitunda ndi chidikha nzofanana. Komabe mbiri ya sikelo ya Mandala ndi sitepe ya Wyndham imandichititsa kufunsa kaye amene adzabwere ndi makinawo. Akadzabwera ndi mphunzitsi wa masewero kapena bungwe la akabaza eni ake, nambala idzathandiza pokambirana mitengo ndi posaka luso. Akadzabwera ndi mwini njinga makumi awiri amene amabwereketsa pa tsiku, idzagwiritsidwa ntchito powerengera ndalama zimene mnyamata aliyense ayenera kubweza madzulo.

Pakadali pano chimene wakabaza wokhala ndi foni yamakono angathe kuchita nkutsegula Strava, yomwe imaganizira mawati ngakhale palibe makina oyezera. Imafunsa kulemera kwa wopalasa ndi kwa njinga, nkuphatikiza ndi liwiro komanso kukwera kwa msewu. Malo olembapo wokwera kumbuyo kapena thumba la chimanga palibe. Pa chitunda chija, mnyamata wathu wa mawati 200 imulembera mawati pafupifupi 105.