Mbiri ya Mbedza Yobvala Nthenga

Kwathu kuno ku Chitawira, mwana akafuna kuwedza adula bango, nakumba nyongolotsi pa chinyontho, natsikira ku Naperi. Koma tsiku lina mkulu wina wa m'dera lathu, amene anagwira nchito ku Zomba pa unyamata wache, anandionetsa kachitini momwe munali mbedza zingapo zobvala nthenga ndi ubweya. Ndinafunsa, "Agogo, nyambo yache muika pati?" Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, nthengazo ndiyo nyambo." Kuyambira pamenepo ndinafuna kudziwa kumene chinthu ichi chinachokera.

Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Mlembi wina wa ku Roma, dzina lache Aelian, amene anakhala zaka ngati 200 atabadwa Kristu, anasimba za asodzi a ku Macedonia amene anali kukulunga ubweya wofiira pa mbedza, namangapo nthenga ziwiri za tambala, kuti nsomba iyese kachirombo kouluka. Ku England, m'chaka cha 1496, anasindikiza buku lofotokoza kamangidwe ka mbedza zotere 12. Zonsezo zinali kufanizira tizirombo, ndipo chifukwa chache Angerezi azitcha nchenche kufikira lero.

Koma asodzi anaona kuti nsomba ikakula ileka kudalira tizirombo tokha, niyamba kudya tinsomba tinzache. Pamenepo anayamba kumanga nthenga zazitali motsata mbedza, kuti ikakokedwa m'madzi ioneke ngati kansomba kothawa. Mtundu uwu ndiwo autcha streamer. Wotchuka pa nchito iyi anali mai wina wa ku Maine m'dziko la America, Carrie Stevens, amene m'chaka cha 1924 anagwira nsomba yaikuru ndi mbedza yomanga yekha. Mai ameneyu sanali kupana mbedza pa chitsulo monga achita ena, koma anali kuigwira ndi zala zokha.

Panatsala bvuto limodzi: nthenga ipepuka, pamene nsomba zazikuru zibisala pansi pa madziwe akuya. Kotero anthu anayamba kulemeretsa mbedza ndi mtobvu. M'chaka cha 1967 Russell Blessing wa ku Pennsylvania anamanga ija itchedwa Woolly Bugger. Ndipo m'chaka cha 1987 Bob Clouser, wowedza pa mtsinje wa Susquehanna, anamangirira timaso tiwiri ta mtobvu pamsana pa mbedza. Kulemera kwa timasoto kutembenuza mbedza kuti nsonga yache ipenye kumwamba, ndipo siikodwa pa miyala.

Kamangidwe kache, monga agogo aja anandionetsera, ndi aka. Utenga mbedza yaitali, nukulunga kawaya ka mtobvu chakumutu kwache, nukaphimba ndi ulusi kuti kasasunthe. Kumbuyo umanga nthenga yofewa ikhale mchira. Thupi ulipanga ndi ubweya, nuzengereza pamwamba pache nthenga ya m'khosi mwa tambala kufikira kumutu. Pomwepo umanga mfundo, nudonthezapo ulimbo. Chinsinsi chiri pa malo a mtobvuwo. Popeza kulemera kuli kutsogolo, msodzi akakoka chingwe mbedza ikwera, akaleka igwa chamutu, mchira uli kugwedezeka ngati matemba olasidwa. Nsomba iona chakudya chosabvuta, niiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga zinafika bwanji kuno? M'chaka cha 1906, dziko lino liri kutchedwabe British Central Africa, Azungu anabweretsa nsomba yotchedwa rainbow trout, imene kwao ndi mitsinje ya kumadzulo kwa North America. Nsomba iyi ifuna madzi ozizira ndi oyera. Akafunda kupitirira madigiri 20 iyamba kusauka. Chifukwa chache sinakhoze kukhala m'Shire kapena m'Naperi, koma anaiika m'mitsinje ya pamwamba pa mapiri: m'Mulunguzi pa phiri la Zomba, m'mitsinje ya pa Mulanje, ndipo pambuyo pache m'madamu a ku Chelinda pa Nyika. Inzache, yotchedwa black bass, yochokeranso ku America, ipirira madzi ofunda, ndipo inaikidwa m'madamu a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Tinene zoona: nsomba izi sizinadzere njala ya anthu a m'midzi. Zinadzera masewera a akuluakulu a boma, pakuti Zomba ndiye anali likulu kufikira 1975. Eni dziko ambiri anaziona pamene anali kunyamula madengu a mabwana ao. Agogo aja anaphunzira kumanga mbedza pongopenyerera ali chiriri kumbuyo kwa mpando. Kuweta nsomba zathu, makumba ndi chilunguni, m'maiwe okumba kunayamba mochedwa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pamene boma linatsegula malo oyesera ulimi umenewu ku Domasi.

Akulu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa; koma kalumo kameta, kachekanso. Trout ndi bass zonse ziwiri zidya nsomba zinzao, ndipo m'maiko ambiri zatha tinsomba tobadwira m'mitsinje momwe zinaikidwa. Ku nyanja ya Victoria anaikako nsomba yaikuru yotchedwa Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo mitundu yambiri ya tinsomba ta m'nyanjamo inasowa. Nyanja yathu ya Malawi iri ndi mitundu ya nsomba mazana ambiri yosapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi. Munthu asatenge nsomba yachilendo m'damu ndi kukaitaya mumtsinje wotsikira kunyanja, pakuti ikalowa palibe ukonde wokhoza kuiturutsa.

Palinso phunziro lina. Trout ndiyo mboni ya mtsinje. Mitengo ya m'gombe ikadulidwa, dzuwa lifunditsa madzi, matope akwirira timiyala pomwe iikira mazira, ndipo nsomba izimirira. Madzi omwewo a Mulunguzi ndiwo amwa anthu a mzinda wa Zomba. Ife a ku Blantyre tiri ndi chitsanzo pamaso pathu, pakuti phiri la Ndirande, limene linali ndi nkhalango, linametedwa m'zaka za m'ma 1990.

Potsazikana, agogo aja anandipatsa mbedza imodzi ya mchira wakuda. Ndinati, "Ndikaiponye kuti, agogo?" Anayankha, "Ukwere phiri, ufune pamene pali mthunzi ndi madzi otsitsimula dzanja. Ukapeza malo otere, udzandiuze kuti akalipo."