William Smith ndi Mapu a Miyala ya Pansi pa Nthaka

Munthu ali yense amene anakumbapo citsime adziwa kuti pansi sipali dothi la mtundu umodzi ai. Pamwamba pali dothi lakuda, kenaka katondo, ndipo pansi pace mwala. Zimenezi zinayalana monga mphasa, ndipo akatswiri amati miyalo imeneyi ndiyo mbiri ya dziko lapansi. M'caka ca 1669 Nicolaus Steno anasindikiza buku lonena kuti mwalo wa pansi ndiwo wakale kuposa wa pamwamba. Koma njira yozindikirira mwalo umodzi m'madera otalikirana inaonekera bwino mwa nchito ya mwana wa wosula zitsulo.

William Smith anabadwa m'caka ca 1769 m'mudzi wa Churchill ku Mangalande. Atate wace anamwalira iye ali mwana, ndipo sukulu anaphunzira ya pamudzi yokha. Ali ndi zaka 18 anayamba nchito yopima malo. Pogwira nchito m'migodi ya malasha ku Somerset, ndiponso pokumbitsa ngalande yoyendamo mabwato, anaona kuti miyalo itsatana mwa dongosolo limodzi. Anaonanso kuti mwalo uli wonse uli ndi zigoba zace za nkhono zimene zinasanduka miyala, zosiyana ndi za mwalo wina. Motero zigobazo zinakhala cizindikiro ca mwalo, monga mphini zidziwitsa kwao kwa munthu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Koma kudziwa cinthu ndi kucisindikiza ndi nchito ziwiri. M'caka ca 1799 Smith anachula miyalo 23 ya pafupi ndi mzinda wa Bath kwa abusa awiri, Benjamin Richardson ndi Joseph Townsend, ndipo inalembedwa pa pepala. Pepalalo linayenda m'manja mwa anthu ambiri losasindikizidwa. M'caka ca 1807 kunakhazikitsidwa bungwe la Geological Society of London, koma mabwana ace sanamuitane Smith, munthu wa nchito ya manja.

Anapirira kufikira 1815, pamene John Cary anasindikiza mapu ace a England, Wales ndi mbali ina ya Scotland. Anali mapepala 15, inchi imodzi kuimira mailosi asanu, ndipo mwalo uli wonse unapakidwa utoto wacewace ndi manja. Ndalama sizinabwere monga anayembekezera. Mgodi wa miyala yomangira umene anaikamo cuma cace unalephera. Anagulitsa zigoba zace ku British Museum, komabe m'caka ca 1819 anaikidwa m'ndende ya angongole kwa masabata ngati khumi. M'caka cotsatira bungwe lija linaturutsa mapu ace, okonzedwa ndi George Greenough, amene anatengako zambiri za Smith popanda kumthokoza moyenera.

Ulemu unafika mocedwa. M'caka ca 1831 bungwe lomwelo linampatsa mendulo ya Wollaston, iye kukhala woyamba kuilandira, ndipo mtsogoleri wace, Adam Sedgwick, anamucha atate wa maphunziro a miyala ku Mangalande. Smith anamwalira m'caka ca 1839.

Cimene cinapulumutsa dzina lace ndi mapu osindikizidwawo, pakuti anali ndi dzina ndi caka, ndipo munthu sakanatha kukana kuti ndiye anayamba. Cikhala kuti nzeruzo zinatsalira m'mutu mwace, kapena pa pepala lija la 1799, wina akadazitenga kukhala zace.

Njira yace igwirabe nchito. Akatswiri ofufuza miyala ya m'cigwa ca Luangwa amayerekeza mafupa a nyama zakale a kumeneko ndi a ku Karoo, ku South Africa, kuti adziwe msinkhu wa miyaloyo. Tsono mphunzitsi wa kumudzi amene apita ndi ana ace pa gombe la mtsinje, nawasonyeza miyalo, acita bwino. Adzacita koposa akawauza kulemba zimene aona, pamodzi ndi malo, tsiku ndi maina ao.