Kuchokera ku Chitsime cha Kudambo Kufika pa Mjigo: Mbiri ya Madzi Akumwa ku Namitete

Dera la Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma lili m'chidikha cha Lilongwe, dziko lathyathyathya lomwe lilibe mapiri aatali otulutsa akasupe, ndipo chifukwa cha ichi mbiri ya madzi akumwa kuderali ndi mbiri ya madzi apansi panthaka. Mvula imene imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo imalowa m'nthaka n'kutsetserekera pang'onopang'ono m'madambo, amene ndi malo otsika audzu osunga chinyontho chaka chonse, ndipo madambowo ndiwo amadyetsa mitsinje monga Namitete, umene umakathira mu Bua. Makolo achichewa posankha malo omangapo mudzi ankayang'ana mtunda wouma umene uli pafupi ndi dambo, kuti nyumba ndi nkhokwe zikhale pouma koma chitsime ndi dimba zisatalikire.

Chitsime chakale chinali dzenje losaya lokumbidwa ndi khasu m'mphepete mwa dambo, ndipo pakamwa pake ankayalapo mitengo yoti wotunga azipondapo. Amayi ankalawirira m'bandakucha madzi asanavundulidwe, ankatunga ndi chikho mosamala kuti matope asadzuke, kenaka ankasenza mtsuko pa nkhata atayandamitsa masamba pamwamba pa madzi kuti asakhavukire m'njira. Chitsime chinalibe mwini mmodzi, komabe sichinali chosowa woyang'anira, pakuti nyakwawa inkaitana mudzi kuti ukape madzi akuda, uchotse matope ndi kulambula udzu, ndipo wochapira pafupi kapena womwetsapo ng'ombe ankadzudzulidwa. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ikafika, madzi ankatsika, anthu n'kumalondola pokumba mozamirapo, monga umanenera mwambi kuti chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Chofooka cha chitsime chotere chinali chakuti mvula yoyamba inkakokoloreramo zonyansa za anthu ndi ziweto, motero matenda otsegula m'mimba ndi kamwazi ankabwera pamodzi ndi dzinja, ndipo ankatenga makamaka ana aang'ono.

Umboni wakuti madzi ooneka oyera angathe kunyamula matenda unaonekera poyera ku London m'chaka cha 1854, pamene dokotala John Snow analondola mliri wa kolera mpaka pa pampu imodzi ya mumsewu wa Broad. Ku Nyasaland ntchito yofufuza madzi apansi inali m'manja mwa nthambi ya boma yoona za miyala, imene mkulu wake Frank Dixey anatulutsa buku la kapezedwe ka madzi m'chaka cha 1931, ndipo m'zaka zimenezo boma la atsamunda linayamba kukumba zitsime zomangira ndi kuboola mijigo, ngakhale kuti inali yowerengeka poyerekeza ndi kuchuluka kwa midzi. Pamene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg ankatsegula chipatala cha St Gabriel ku Namitete m'chaka cha 1959, midzi yambiri yozungulira inali ikumwabe madzi akudambo.

Kusintha kwakukulu kunayamba m'chaka cha 1968 ndi chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chinayendetsedwa ndi ngongole ya Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndipo chinabweretsa misewu, misika ya mbewu, alangizi a zaulimi ndi mijigo m'midzi ya m'chidikhachi. Chaka chomwecho ku Chingale m'boma la Zomba anthu anayamba kukumba okha ngalande za mapaipi otsitsa madzi kuchokera m'phiri popanda injini, njira imene inafalikira ku Mulanje ndi madera ena amapiri, koma yosatheka kudera lopanda phiri ngati Namitete. Kuno chiyembekezo chinali pa mjigo, dzenje lopapatiza loboola ndi makina mpaka pa mwala wofumbutuka umene umasunga madzi, lotsekedwa ndi simenti pamwamba kuti madzi oyenda pamtunda asalowemo. Mapampu a nthawi imeneyo, monga a mtundu wa Climax okhala ndi gudumu lopukusa, anali olemera kwambiri moti pokonza pankafunika galimoto ndi amisiri a boma, choncho mjigo ukafa unkakhala miyezi uli chiimire, amayi n'kubwerera kudambo. Anthu ankautcha mjigo wa boma, ndipo dzinali likusonyeza chimene chinatayika, chifukwa mudzi umene unkadziwa kusamala chitsime chake unasanduka wongoyembekeza.

Vuto limeneli linali la maiko ambiri, ndipo linakula m'maso mwa akatswiri m'zaka za 1981 mpaka 1990, zimene bungwe la United Nations linazipatula kuti zikhale za madzi akumwa ndi ukhondo. Malawi anathandiza kupeza yankho, pakuti kuchiyambi kwa zaka zimenezo ku Livulezi m'boma la Ntcheu kunayesedwa pampu yotchedwa Maldev, imene itakonzedwanso ku Kenya inabala pampu ya Afridev, yomwe lero ili pa mijigo yambiri m'dziko muno ndi m'maiko ena a mu Africa. Luso la Afridev ndi lakuti imakoka madzi kuchokera pa kuya kofika mamita 45, komabe imatsegulidwa ndi sipanala imodzi, ndipo ndodo zake zachitsulo zimakolekana ndi kusololedwa ndi manja, kotero kuti anthu am'mudzi ophunzitsidwa masiku ochepa angathe kusintha mphira wotha popanda kukweza mapaipi. Apa ndipo panabadwira komiti ya mjigo, imene imatolera ndalama za pamwezi pakhomo lililonse, kugula zipangizo, kukonza ndondomeko yosesa ndi kuitana mmisiri wa m'dera pakachitika vuto lalikulu. Udindo umene nyakwawa inali nawo pa chitsime unabwerera m'mudzi mwa njira yatsopano, ndipo kumene zopereka zimasungidwa mokhulupirika mjigo umakhalitsa, pamene kumene ndalama zinasowapo kamodzi anthu amaumira manja ndipo mphira wa mtengo wochepa umapha mjigo wonse.

Komabe madzi otuluka aukhondo pa mjigo safika nthawi zonse ali aukhondo pakamwa pa mwana. Ndowa yosatsuka, zala zomira m'madzi posenza, masamba oyandamitsa aja, ndi kapu imodzi yotungira ndi kumwera, zonsezi zimabwezera tizilombo m'madzi. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kuti mtsuko kapena chigubu cha madzi akumwa chizikhala chovundikira, kuti pazikhala makapu awiri, wotungira ndi womwera, ndiponso kuti chimbudzi chizitalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30. Madzi akuda amayamba asefedwa ndi nsalu yoyera, koma kusefa kokha sikupha tizilombo, motero amafunika kuwiritsidwa mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena kuthiridwa klorini, mankhwala opha tizilombo amene amapezeka m'botolo la WaterGuard kapena amene alangizi amasungunula ndi kugawa m'midzi, ndipo madziwo amadikiridwa mphindi 30 asanamwedwe. Kuwiritsa kumadya nkhuni, zimene zikusowa m'dera limene mitengo yambiri inathera ku zigafa ndi ku uvuni wa njerwa, pamene klorini ena amamukana chifukwa cha fungo, ndipo zopinga ziwirizi ndizo zimachititsa kuti mabanja ambiri azisamala madzi pokhapokha mliri ukamveka.

Kolera inafika m'Malawi koyamba m'chaka cha 1973, ndipo mliri woopsa koposa unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, n'kudwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, boma la Lilongwe lili m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Izi zinachitika patatha zaka 12 kuchokera pamene United Nations inavomereza m'chaka cha 2010 kuti madzi aukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo m'chaka cha 2022 chomwecho anthu pafupifupi mabiliyoni 2.2 padziko lapansi analibe madzi otetezeka opezeka pakhomo nthawi zonse. Mbiri ya Namitete ikuonetsa kuti makina oboola amathetsa gawo loyamba lokha la vutoli, pakuti dzenje limakumbidwa m'masiku ochepa koma chisamaliro chimafunika tsiku ndi tsiku. Boma ndi mabungwe ali ndi udindo woonjezera mijigo ndi mipopi, kuyeza madzi ndi kuonetsetsa kuti zipangizo zikupezeka m'masitolo a pa Nsaru ndi pa Namitete, pamene mudzi uli ndi ntchito yomwe makolo ake ankaidziwa kale, yosonkhana kusamala potunga ndi kuvundikira mtsuko madzi akafika m'nyumba.